Ndodo si ya agogo okha

Atsikana anzathu, lero tikambirane nkhani imene ambiri timaizemba: mtsikana wa zaka 25 kapena 30 kugwira ndodo poyenda. Sitikunena wothyoka mwendo pa ngozi ya kabaza uja, amene amadziwa kuti pakatha miyezi iwiri achotsa chikhakha n'kutaya ndodozo. Tikunena mtsikana amene miyendo yayamba kumukana pang'onopang'ono. Lero ikuyenda bwinobwino, mawa yalemera ngati aimangirira njerwa, ndipo kuchipatala amuuza kuti vutoli akhala nalo nthawi yaitali, mwina moyo wake wonse.

Mtsikana ameneyu amagona ndi funso limodzi: kodi ndodo ndiyambe kugwira liti? Omuzungulira, ena mwa chikondi chenicheni, amamuyankha kuti "limba mtima, sunafike pamenepo." Ife tikuti yankho limeneli likuvulaza anthu. Nthawi yogwira ndodo imakwana tsiku limene munthu wayamba kusiya kupita kumene akufuna chifukwa choopa kugwa. Kudikira mpaka miyendo itakaniratu n'kuchedwa. Ndipo wodziwa kuti nthawiyo yakwana ndi mwini thupi. Paja wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko.

Tiyambe ndi matenda amodzi amene amabweretsa funsoli kwa atsikana ambiri padziko lapansi: multiple sclerosis, mwachidule MS. Chitetezo cha m'thupi, chomwe ntchito yake ndi kulimbana ndi tizilombo, chimatembenuka n'kuyamba kuononga kachikopa kokutira mitsempha ya mu ubongo ndi ya mumsana. Taganizirani tchaja ya foni imene pulasitiki yake yasupuka. Pena ikutchaja, pena mpaka muipinde ndi kuigwirizira. Uthenga wochoka ku ubongo kupita ku mwendo umachita chimodzimodzi: umachedwa, kapena umathera panjira. Munthu amamva dzanzi, phazi limakhwekhwerezeka pansi, amachita chizungulire, diso limodzi limaona mwachimbuuzi, mkodzo umavuta kuugwira, ndipo pamabwera kutopa kumene tulo sitikuchotsa.

Lipoti la Atlas of MS la 2020 linati anthu pafupifupi 2.8 miliyoni padziko lonse ali ndi matendawa, ndipo akazi amaposa amuna kawiri. Ambiri amawapeza nawo ali ndi zaka zapakati pa 20 ndi 40, msinkhu wathu womwewu, wa sukulu ya ukachenjede, wa ntchito yoyamba, wa chinkhoswe, wa mwana woyamba. Matendawa sapatsirana. Mankhwala ochiziratu kulibe, ngakhale alipo okwera mtengo amene amachepetsa kubwerabwera kwake. Kwa anthu ambiri amayamba mobwera ndi kupita: masabata angapo munthu wavutika, kenako wapezako bwino, pakapita miyezi kapena zaka abweranso.

Mwina mukuti, aaa, amenewo ndi matenda a azungu. N'zoona kuti amapezeka kwambiri kumaiko ozizira monga Canada, Scotland ndi Sweden. Koma kuchepa kwa odwala odziwika kuno kwathu kulinso ndi chifukwa china. Kuti dokotala atsimikize MS amafunika makina a MRI, ndipo makina oyamba otere m'Malawi muno anafika mu 2008, ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kudzera mu kafukufuku wa malungo a mu ubongo mwa ana. Ndiye taganizirani mtsikana wa ku Kasinje kapena ku Tsangano kuno ku Ntcheu. Ayambire ku chipatala chaching'ono cha kwawo, apite pa chipatala cha boma pa Ntcheu, atenge kalata, apeze thiransipoti ya ku Lilongwe kapena ku Blantyre, apezenso kogona ndi womuperekeza. Ulendo umenewu usanathe, kumudzi matendawa awapatsa kale dzina. Ena akuti anaponda mankhwala. Ena akuti wamulodza mkazi mnzake. Ena, makamaka kuchimuna, akungoti ndi ulesi.

Komanso nkhaniyi siimathera pa MS. Miyendo ya amayi ndi atsikana kuno imafooka pa zifukwa zambiri zodziwika bwino: sitiroko, shuga amene waononga mitsempha ya kumapazi, TB ya msana, poliyo wa ku ubwana amene mavuto ake amakula munthu akamakula, mtsempha wa mwendo umene unapanikizika pobereka movutikira. Alipo amene mapazi awo anayamba kutentha ndi kuchita dzanzi chifukwa cha HIV, kapena chifukwa cha stavudine, mankhwala amene anali mu ma ARV akale boma lisanayambe kuwasintha mu 2011. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa Amalawi 10 alionse a zaka 5 kupita m'tsogolo, mmodzi ali ndi ulumali wa mtundu wina wake. Ndiye kaya dzina la matenda anu mukulidziwa, kaya mukulifufuzabe, funso la ndodoli ndi lanu ndithu, ndipo simukuyenera kudikira pepala la ku MRI kuti muyambe kudziteteza.

Nanga munthu amadziwa bwanji kuti nthawi yakwana? Sikuti pali muyezo wina wovuta. Yang'anani mmene mukukhalira tsiku ndi tsiku.

M'nyumba mwayamba kuyenda mogwira khoma, mpando, chitseko. Panja mumangofuna mkono wa munthu, ndipo pakakhala palibe munthu simutuluka. Mukuyenda maso ali pansi, kuwerenga mwala uliwonse, moti mnzanu akakupatsani moni simumuona. Mwagwapo kale, kapena mwapunthwa kangapo mwezi uno. Mukapita kumsika wa Lizulu kapena wa Kampepuza, mawa lake tsiku lonse ndi logona. Mwayamba kunama: kuchinkhoswe cha mnzanu munati mwatanganidwa, kumaliro munati mulibe thiransipoti, kutchalitchi munati mwana sakupeza bwino, pomwe zoona zake n'zakuti munaopa kamtunda kochokera pa siteji kukafika pamalopo. Mwayamba kumwa madzi ochepa dala kuti musamapitepite kuchimbudzi.

Ngati ziwiri kapena zitatu mwa zimenezi mukuzizindikira, achemwali, ndodo mukuigwira kale. Kungoti ndodo yanu ndi khoma, ndi mkono wa mng'ono wanu, ndi kukhala pakhomo. Ndipo khoma simungapite nalo ku intavyu.

Kugwa kwa mkazi kuno si nkhani yocheza. Timagwa tili ndi mwana kumbuyo. Timagwa tili ndi mphika wa madzi otentha m'manja, pafupi ndi mbaula yoyaka. Timagwa pa simenti yoterera ya pa mjigo ndowa ili pamutu, kapena m'chimbudzi cha dzenje usiku. Ntcheu ndi boma la mapiri ndi zitunda, ndipo nthawi ya dzinja tinjira tambiri timasanduka matope. Kuthyoka chiuno kapena kupsa ndi moto kumagoneka munthu miyezi, ndipo miyendo imene inali yofooka kale imadzuka pamphasapo itafookeratu. Ndodo ya mtengo wochepa ikanatha kupewetsa zonsezi.

Kwa amene ali ndi MS pali chinanso chofunika kudziwa: thupi likatentha, zizindikiro zimakula. Dokotala wa maso wa ku Germany, Wilhelm Uhthoff, analemba za zimenezi mu 1890. Kutentha kwa Okutobala ku chigwa cha Bwanje, kuima pamoto kuphika nsima ya anthu ambiri, malungo, zonsezi zingapangitse mwendo umene m'mawa unali bwino kukana masana. Thupi likazizira, umabwereranso. Munthu yemweyo atha kuyenda yekha m'chisanu cha ku Tsangano mu Juni, n'kufuna ndodo ku Sharpevale mu Novembala. Palibe chachilendo pamenepa, ndi mmene matendawa amachitira.

Tsono ngati zinthu zili poyera chonchi, n'chifukwa chiyani atsikana amazengereza zaka ndi zaka? Apa ndi pamene nkhaniyi ikusanduka ya ife amayi.

Taonani ndodo ili m'manja mwa bambo. Amfumu akaigwira, ndi ulemu. Kamuzu Banda ankayenda ndi ndodo ndi litchowa, ndipo palibe anamumvera chisoni. Pa Umhlangano wa Angoni a Maseko ku Nkolimbo kuno ku Ntcheu, amuna amavina ngoma atanyamula zibonga ndi zishango, anthu n'kumaimba nthungululu. Koma ndodo ikangofika m'manja mwa mtsikana, nkhope za anthu zimagwa. "Mayo ine, mwana wabwinobwino uja." "Nanga akwatiwa ameneyu?" "Bambo akewo apirira?"

Mafunso amenewa akutiululira mmene anthu amayezera mkazi. Amamuyeza ndi ndowa zimene angasenze, mizere imene angalime, nkhuni zimene angatole, maola amene angaime pa maliro akuphika. Pachilangizo timauzidwa za kupirira, kugwada, kudzuka m'bandakucha. Za tsiku limene thupi lidzakane, palibe amatiuza. Ndiye mtsikana miyendo ikayamba kufooka amaona ngati ukazi wake womwe ndi umene ukutha, n'kuyamba kubisa. Amabisira chibwenzi, amabisira apongozi, amabisira abwana kuntchito. Amalolera kuoneka waulesi, ngakhale woledzera pamene akudzandira, kusiyana n'kuoneka ndi ndodo.

Mantha akewo sitikuwapeputsa. Alipo amuna amene amathawa mkazi akadwala. Alipo mabwana amene akaona ndodo amayamba kufunafuna chifukwa chochotsera munthu. Amayi aulumali amakumananso ndi nkhanza zambiri, ndipo ena akapita ku sikelo amafunsidwa kuti mimbayo anaitengeranji. Koma tafunsani: kubisako kwateteza ndani? Mwamuna amene angathawe ndodo adzathawabe tsiku limene mudzagwe pamaso pake. Pofika nthawi imeneyo mudzakhala mutataya zaka zimene mukanamaliza maphunziro, kuyendetsa geni yanu, kukhala ndi anzanu, zinthu zomwe zimagwira mkazi dzanja mwamuna akachoka.

Pali mawu anayi amene timawamva kawirikawiri, ndipo tiwayankhe mmodzimmodzi.

"Ukayamba ndodo miyendo izolowera, ifookeratu." Chimene chimafooketsa miyendo kwambiri ndi kukhala pansi. Munthu woopa kugwa amachepetsa kuyenda, minofu n'kumatha. Amene ali ndi chogwirira amayenda mtunda wotalikirapo, kawirikawiri, mosaopa. Ndodo ndi mafizo zimayendera limodzi, china sichichotsa chinzake.

"Kugwira ndodo n'kuvomereza matenda, chikhulupiriro chako chili kuti?" Ambirife ndife opemphera, ndipo pemphero sitikulinyoza. Koma abusa amene amawerenga Baibulo atavala magalasi palibe amawanena kuti alibe chikhulupiriro. Amene akulandani ndodo pa guwa kuti anthu aone chozizwitsa sadzakhalapo usiku mukadzagwa kubafa. Pempherani ndodo ili m'manja, ndipo mankhwala a kuchipatala musasiye chifukwa wina wanena.

"Dzulo tinamuona akuyenda yekha, lero ali pa wilitcheya, akunamizira." Anthu ambiri oyenda pa wilitcheya amatha kuima ndi kuyenda pang'ono. Amaigwiritsa ntchito kuti mphamvu zochepa zimene ali nazo zisathere panjira. Zili ngati bandulo ya intaneti: ukaimalizira pa zinthu zopanda pake m'mawa, madzulo ukafuna kutumiza CV palibe. Mtsikana akafika kuntchito pa wilitcheya n'kugwira ntchito tsiku lonse, wachita bwino kuposa kufika wapansi atatheratu. Ndipo sakuyenera kufotokozera aliyense wa mu minibasi mbiri ya matenda ake.

"Sadzabereka." MS siiletsa mkazi kutenga pathupi kapena kubereka, ndipo kwa ambiri imayamba yadekha m'miyezi yomaliza ya mimba. Chofunika ndi kukambirana ndi dokotala za mankhwala nthawi isanakwane. Amayi oyenda ndi ndodo kapena pa wilitcheya akulera ana m'dziko muno tsiku ndi tsiku.

Zitsanzo za amayi amene sanabise zilipo. Mu February 2019, patangopita miyezi yochepa chiululireni kuti ali ndi MS, katswiri wa mafilimu wa ku America Selma Blair anafika pa phwando la pambuyo pa ma Oscars atavala diresi yapamwamba, ndodo ili m'manja, makamera onse akumujambula. Koma sitikusowa kupita ku Hollywood. Mayi Rachel Kachaje anadwala poliyo ali mwana, anayenda pa wilitcheya, anathandiza kukhazikitsa bungwe la Disabled Women in Africa, ndipo mu 2013 Pulezidenti Joyce Banda anawasankha kukhala nduna yoona za anthu aulumali ndi okalamba. Anatisiya mu 2020. Wilitcheya ndi imene inkawafikitsa m'zipinda zimene malamulo amakambidwa.

Kwa amene mwaganiza zoyamba, nazi zochepa zimene a mafizo amaphunzitsa. Ndodo imagwiridwa ndi dzanja la mbali ya mwendo wamphamvu, ndipo imapita patsogolo pamodzi ndi mwendo wofooka. Mukaima chilili mikono ili pansi, chogwirira chake chizifika pamene dzanja limapindikira, povalira wotchi paja. Yaitali kwambiri imapweteka phewa, yaifupi imapinda msana. Kunsi kwake kukhale labala, ndipo ikatha isinthidwe, chifukwa ndodo yopanda labala pa simenti yonyowa ndi msampha. Pokwera masitepe umatsogola mwendo wamphamvu, potsika imatsogola ndodo ndi mwendo wofooka. Ngati vuto ndi phazi logwa limene zala zake zimakola pansi, pali kapulasitiki kovala mu nsapato kogwira phazi ndi kakolo, ndipo kwa ena kameneka kokha kamakwanira. Ngati miyendo yonse iwiri ikuvuta, ndodo ziwiri zogwira m'mikono kapena chogwirira cha miyendo inayi zimathandiza kuposa ndodo imodzi. Pa maulendo ataliatali pali wilitcheya, ndipo pa misewu yafumbi ambiri amakonda njinga ya mateyala atatu yopalasa ndi manja, ngakhale imafuna mikono yamphamvu, makamaka pa zitunda.

Musangogula chilichonse chimene mwachiona pa kaunjika. Wilitcheya yosakuyenerani imabweretsa zilonda za pamatako ndi kupweteka kwa msana. Yambirani kuchipatala, funsani kuti mukufuna kuonana ndi a mafizo, akuyezeni. Ndipo ngati mwendo, mkono kapena mbali imodzi ya nkhope yafooka mwadzidzidzi, kapena diso lasiya kuona, imeneyo si nkhani ya ndodo. Thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.

Tinenenso chilungamo: kuuza mtsikana kuti "sankha wekha" pamene chosankhacho palibe ndi chipongwe. Malo othandiza alipo, koma ali kutali ndi midzi yathu. Bungwe la MAP, lomwe linayamba mu 1979 ngati Malawi Against Polio ndipo pano ndi Malawi Against Physical Disabilities, ndi lodziwika ndi ntchito ya mafizo ndi zipangizo zoyendera, kuphatikizapo pa Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre. Ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe kuli malo opangira miyendo yoikirira ndi zogwira mapazi amene anakhazikitsidwa ndi thandizo la bungwe la 500 miles. Kwa mayi wa kwa Ganya kapena kwa Phambala, kukafika kumeneko ndi ndalama ya thumba la chimanga kapena kuposa. Akaipeza wilitcheyayo, ena mwa makondakitala amafuna ailipirire ngati katundu, ena amangomudutsa pa siteji. Akafika ku ofesi, masitepe. Akafika kumsika, ngalande.

Izi si nkhani zopempha chifundo. Dziko la Malawi linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo ndime 20 ya panganoli imalamula maboma kuonetsetsa kuti anthu akupeza zipangizo zoyendera zabwino pa mtengo wotheka. Tinali ndi lamulo la anthu aulumali la 2012, ndipo mu 2024 linabwera latsopano, lomwe linasinthanso MACOHA kukhala MACODA. Pa pepala tili bwino. Chimene tikufuna ndi chakuti pepalalo lifike pa Ntcheu. Tikupempha khonsolo ya boma lino kuti ndodo, mawilitcheya ndi malabala osinthira zikhale ndi mzere wakewake mu bajeti ya zaumoyo, osati kumangodikira alendo odzapereka ndi kujambulitsa. A mafizo azipita ku zipatala zing'onozing'ono pa masiku odziwika, monga zimakhalira ndi sikelo ya ana. Nyumba iliyonse yatsopano ya boma, sukulu, msika kapena chimbudzi, isatsegulidwe ngati wa wilitcheya sangalowemo yekha. Aphungu ndi makhansala athu tiwafunse za zimenezi pa misonkhano, pamodzi ndi a FEDOMA ndi mabungwe a amayi aulumali amene akhala akuzinena kwa zaka zambiri ife tisanayambe.

Ifenso m'magulu omenyera ufulu wa amayi tili ndi gawo lathu. Pokonza msonkhano, funso la masitepe ndi chimbudzi libwere limodzi ndi funso la chakudya. Pokonza ulendo wa pamsewu wa masiku 16 olimbana ndi nkhanza, pakhale galimoto ya amene sangayende mtunda wonse, ndipo akhale kutsogolo, maikolofoni ali m'manja. Pa 30 May, tsiku la MS padziko lonse, ndi pa 3 December, tsiku la anthu aulumali, tiwapatse mpata ayankhule okha.

Ndipo mnzanu akadzatulukira koyamba ndi ndodo, chonde osayamba maliro. Osamufunsa kuti watani pagulu. Osamugwira mkono asanakupempheni, osakankha wilitcheya yake musanafunse. Mpatseni moni monga mwa masiku onse, muuzeni kuti nsapato zamukhala, chepetsani liwiro muyendere limodzi. Munthu ameneyo walimbana ndi maganizo miyezi yambiri kuti afike pa tsiku limenelo, ndipo nkhope yanu ndi imene imuuze ngati mawa atulukenso. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kwa inu achemwali amene mukuwerenga izi ndodo ili kuseri kwa chitseko, kapena kalata ya a mafizo ili m'chikwama mwezi wachitatu tsopano: simukusowa chilolezo cha amuna anu, cha apongozi, cha abusa, ngakhale chathu. Yambani ndi ulendo umodzi umene munausiya kalekale. Kaya ndi kumsika, kaya ndi kukwaya, kaya ndi kwa mnzanu uja munamunamiza kuti mwatanganidwa. Ikulungeni ndi kansalu ka chitenje ngati mukufuna igwirizane ndi diresi. Mukabwerako, dzifunseni funso limodzi lokha: kodi lero ndafika kumene ndimafuna, ndipo ndatsala ndi mphamvu? Yankho likakhala eya, nthawi inali itakwana.

Tumizirani mnzanu amene mukudziwa kuti akulimbana ndi funsoli mwakachetechete.